Malenzi anayi osiyana kukamwa: ndigule mafyuluta ati, nanga holda ndi yofunika?

Nangozo_Ulongwe

Moni nonse akuluakulu. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi maubatizo kuno ku Angónia, zithunzi ndi vidiyo yomwe, ndipo chaka chino ndikufuna kuyambanso kujambula malo: nyanja ya Cahora Bassa ku Songo, Zambezi pa Tete, ndi minda ya kuno kwathu. Kamera ndi Canon 2000D. Malenzi ndili nawo anayi: 18-55 IS II yobwera ndi kamera, 50mm f/1.8 STM, 55-250 STM ndi 10-18 STM.

Chikundivuta kwambiri ndi vidiyo ya masana. Ndikasiya pansi shata (liwiro limene kamera imatsegulira ndi kutsekera kuwala) chilichonse chimayera mbee, ndikaikweza anthu ovina amaoneka ngati akuyenda modukizadukiza. Pa zithunzi, madzi amangotuluka oyera ngati lata ndipo kumwamba kulibe mtundu. Fumbi ndiye losachita kunena.

Mlongo wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi uno ndipo wati ndimulembere zoti agule. Ndalama ndi zokwana mafyuluta awiri kapena atatu basi. Kodi lenzi iliyonse imafuna fyuluta yakeyake? Nambala yogulira ndi iti? Nanga aja a makona anayi olowetsa mu holda, ndiyambire amenewo kapena opotokola? Thandizeni ndisatumize munthu kukagula zinthu zosalowa.

aPhiri_Songo

Zikomo achemwali. Tiyambe ndi nambala, chifukwa ndalama za anthu ambiri zimathera pomwepa. 18-55 kapena 55-250 si kukula kwa kukamwa kwa lenzi ayi, imeneyo imangonena mmene lenzi ikukokera chinthu pafupi. Nambala yogulira fyuluta ili kutsogolo kwa lenzi, mozungulira galasi, pafupi ndi kachizindikiro ka ziro wodulidwa pakati, ø. Ikafufutika tembenuzani chitsekero cha lenzi, mkati mwake mwalembedwa, mwachitsanzo E-58 ndiye kuti 58mm. Malenzi anuwo ali motere: 18-55 ndi 55-250 onse ndi 58mm, 10-18 ndi 67mm, 50mm STM ndi 49mm. Pa 50mm pamafunika kusamala, chifukwa yakale ija, f/1.8 II, ndi 52mm, ndiye wogulitsa akangomva kuti 50mm ya Canon akhoza kupereka ya 52.

Musagule fyuluta ya lenzi iliyonse. Gulani imodzi yabwino pa saizi ya lenzi yanu yaikulu kukamwa, apa ndi 67mm, kenaka timaring'i totchedwa step-up toti malenzi aang'ono anyamule fyuluta yomweyo. Pa ring'i pamalembedwa manambala awiri, yoyamba ndi ya lenzi, yachiwiri ndi ya fyuluta. Inu mukufuna 49-67 imodzi ndi 58-67 ziwiri. Mulembereni mlongo wanu mu dongosolo lomwelo, chifukwa 67-58 ndi chinthu china, imeneyo imayika fyuluta yaing'ono pa lenzi yaikulu ndipo imadetsa makona a chithunzi. Mukafunsa m'sitolo za ku Tete kapena ku Maputo nenani kuti anel adaptador. Onjezaninso zitsekero zitatu za 67mm, kuti maring'iwo azingokhala pa malenzi osachotsachotsa. Mazinga a kukamwa kwa malenzi anuwa ndi apulasitiki, ndipo kumanga ndi kumasula tsiku ndi tsiku ndiko kumawadya.

Fyuluta yoyamba kugula ndi CPL, ku Chipwitikizi filtro polarizador circular. Ntchito yake simungaikonze pa kompyuta. Ili ndi mbali ziwiri: ina imamangidwa pa lenzi, yakutsogolo imazungulira. Mukuyang'ana m'kamera, zungulizani pang'onopang'ono, muona madzi akusiya kunyezimira, miyala ya pansi pa madzi ikuonekera, masamba a chimanga ndi mbatatesi akubiriwira, mitambo ikupatukana ndi thambo. Pa ukwati imachotsa kunyezimira pa galasi la galimoto mpaka akwati aoneke ali mkati. Imachepetsanso kuwala kwa thukuta pa chipumi ndi pamphuno, koma apa musaizungulize mpaka kumapeto, khungu lakuda likachotsedwa kuwala konse limaoneka louma ngati lopakidwa phulusa. Imani pakati. Pa chitsulo chosapenta, monga malata atsopano, siichita kanthu.

Mphamvu yake imadalira komwe kuli dzuwa. Lozani dzuwa ndi chala chamkombaphala, chala chachikulu mutachitambasula, ndipo zungulizani dzanja: konse kumene chala chachikulu chikuloza ndiko CPL imagwira kwambiri. Mukayang'anizana ndi dzuwa kapena likakhala lotsika kumsana kwanu, m'mawa kapena madzulo, pa thambo siioneka ntchito yake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa la masana kuno limapendekera kumpoto, ndiye mukajambula cha kummwera thambo limada bwino. Chakumayambiriro kwa Novembala ndi Febuluwale limadutsa paliwombo penipeni, ndipo masana CPL imagwira m'munsi mwa thambo mbali zonse. Pa madzi imagwira bwino mukawayang'ana mopendeka, pafupifupi madigiri 35 mpaka 40 kuchoka pamwamba pa madziwo. Utsi wa moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala imangouchepetsako pang'ono, siingauchotse.

Pa 10-18 pali zinthu ziwiri. Fyuluta ikhale yopyapyala mkombero, yolembedwa slim, apo ayi pa 10mm mkombero umalowa m'makona. Chachiwiri, pa 10mm lenzi imaona thambo lalikulu kwambiri, mbali ina ili pomwe CPL ikugwira, ina ayi, ndiye pamatuluka chibanga chakuda pakati pa thambo. Bwezani fyuluta pang'ono kapena chepetsani thambo m'chithunzi.

18-55 IS II ili ndi khalidwe lake: kutsogolo kwake kumazungulira ikamafuna fokasi. Choncho yambani fokasi, kenaka zungulizani CPL, mutagwira mphuno ya lenzi ndi dzanja linalo kuti musakakamize kamota ka mkati. Ndipo zolowerani kuzunguliza molowera komwe fyuluta imamangira. Mukamazunguliza mobwerera imamasuka osadziwa, n'kugwera m'madzi. CPL imadya kuwala pakati pa sitopu imodzi ndi awiri (sitopu imodzi ndi kudula kuwala ndi theka), ndiye m'tchalitchi ndi madzulo ichotseni.

Kanema_Moatize

APhiri alongosola bwino, ine ndigwire za vidiyo. Mayi, vuto lanu ndi la masamu chabe. Kuno timajambula mafulemu 25 pa sekondi, ndipo shata yoyenera ndi 1/50. Imeneyi ndiyo imapangitsa kuti dzanja la wovina lioneke likuyenda mwachibadwa, komanso imagwirizana ndi magetsi athu a 50Hz kuti mababu asamaphethire m'vidiyo. Tsono pa dzuwa la masana, ISO 100 (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ndi 1/50 zimafuna f/22, kutanthauza kuti kabowo kolowera kuwala mu lenzi kachepe kwambiri. Pa f/22 chithunzi chimafewa, kafumbi kalikonse ka pa sensa, kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera, kamaonekera ngati kadontho pa thambo, ndipo kumbuyo kwa akwati kumaoneka zonse mpaka njinga zoimikidwa. Chofunika ndi galasi lochepetsa kuwala, ND.

Sitopu imodzi ndi kudula kuwala ndi theka. Kuchoka pa f/22 werengani: 16, 11, 8, 5.6, 4, 2.8. ND8 ndi masitopu 3, imakufikitsani pa f/8. ND64 ndi masitopu 6, imakufikitsani pa f/2.8, pomwe 50mm yanu imasungunula kumbuyo. ND1000 ndi masitopu 10, imeneyo si ya vidiyo. Makampani ena salemba choncho, amalemba 0.9, 1.8 ndi 3.0, koma ndi zomwezo motsatana. Mlongo wanu asaone ND8 n'kuganiza kuti ndi masitopu 8.

Pa ukwati mumachoka padzuwa kulowa pansi pa mtengo wa mango, kenaka m'tenti, nthawi yomasula galasi palibe. N'chifukwa chake pa vidiyo ndimalimbikitsa variable ND, yozunguliza ngati CPL, koma yolembedwa ND2-32, kutanthauza sitopu 1 mpaka 5, ndipo ikhale ndi poimira kumapeto konse kuwiri. Zotchipa zolembedwa ND2-400 zopanda poimira zimakopa chifukwa cha nambala yaikulu, koma mkati mwake ndi magalasi awiri a polarizer opingasana, ndipo mukayandikira kumapeto pamatuluka mtanda wakuda ngati X pa chithunzi chonse. Pa 10-18 mtandawo umabwera msanga kuposa pa 50mm. Ndi masitopu 5 mumafika f/4 masana enieni, ndipo pa 18-55 ndi 55-250, zomwe kumapeto kwake zimathera pa f/5.6, n'zokwana ndi kutsala. Dziwaninso kuti variable ND zambiri ndi zazikulu kutsogolo kusiyana ndi kumbuyo, ya 67 ikhoza kufuna chitsekero cha 72, ndiye afunse ngati chitsekero chake chilimo m'bokosi.

Pa zithunzi nayonso imathandiza. 2000D imathera pa 1/4000, pomwe 50mm pa f/1.8 padzuwa imafuna pafupifupi 1/8000, ndiye deresi la mkwatibwi limapsa. Sitopu imodzi kapena awiri zatha. Ndi fulashi kamera yanu siipitirira 1/200, zomwe padzuwa ndi f/11. Masitopu 3 amakutsitsirani pa f/4, kungoti fulashinso imadulidwa chimodzimodzi, ndiye iyandikire anthu.

Pomwe ndikusiyana ndi aPhiri ndi pa saizi. Ine ndikanati 77mm. Malenzi ambiri amene munthu amakwerako akachoka pa oyambirawa, monga 24-105 f/4L, 17-55 f/2.8 kapena 70-200 f/2.8, ndi 77mm. Mukagula 67 lero, tsiku logula imodzi mwa amenewa mudzayambiranso. Komanso fyuluta ya 77 pa ring'i ya 67-77 imatalikira makona a 10mm.

Za fumbi: fyuluta ya UV, galasi loyera lotchinga kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, siikonza chithunzi, sensa ili kale ndi galasi lake lotchinga kuwala kumeneko. Ntchito yake ndi kulandira fumbi m'malo mwa lenzi. Pabwalo la Gule Wamkulu, pamsewu wafumbi kapena kuno ku Moatize komwe fumbi la malasha limakhala m'mphepo, ndi bwino kupukuta galasi lotchipa kakhumi kusiyana ndi kupukuta lenzi. Koma ikhale multi-coated, yopakidwa zoletsa kunyezimira. Galasi wamba limabweza pafupifupi 4 peresenti ya kuwala mbali iliyonse, ndipo usiku paphwando babu lililonse limabala mnzake wobiriwira mbali ina ya chithunzi. Kukada ichotseni, ndipo musamange CPL kapena ND pamwamba pake.

Nangozo_Ulongwe

Zikomo kwambiri achimwene nonse awiri, za 1/50 zandimasula. Lenzi ya 77 sindikuiona m'zaka ziwiri zikubwerazi. Nanga ring'i ikakhalapo, hood, chotchingira lenzi ku dzuwa chija, ilowabe? Ndipo za holda zija palibe wanenapo. Zithunzi zimene ndimasirira ndi zija madzi amaoneka osalala ngati mkaka, kumwamba kosapsa.

aMbewe_Matundo

Mwanangu, hood siilowa. Ma hood a Canon amakolekedwa kunja kwa mphuno ya lenzi, ndipo ring'i yotambalala imatseka njira. Pa 10-18 yokha ndi pomwe fyuluta ya 67 imalowa mwachindunji ndipo hood yake, EW-73C, imakhalabe. Iyi ndi mfundo ina yokomera 67, kuphatikizapo kulemera: mphuno ya 18-55 ndi ya 50mm STM imatuluka ndi kulowa pofuna fokasi, ndipo chigalasi cha 77 ndi katundu pa timalenzi timeneti. Pa 50mm ndi 55-250 gulani hood ya labala yopotokola ya 67mm, imamangidwa kutsogolo kwa fyuluta. Pa 18mm imeneyo imaoneka m'makona, ndiye pamenepo tchingani dzuwa ndi chipewa.

Tsopano holda. Ili ndi zigawo zitatu: ring'i yomanga pa lenzi, chimango chokolekera pa ring'iyo, ndi magalasi a makona anayi otsetsereka m'timipata tiwiri kapena titatu. Lenzi iliyonse imangofuna ring'i yake, chimango ndi magalasi n'zimodzi. Zimasiyana m'lifupi mwa galasi. Cokin P ndi 84mm, yopepuka ndi yotchipa, pa 18-55 imangokwana, koma pa 10mm mphepete mwa chimango mumalowa m'chithunzi mbali zonse ziwiri. Ya 10-18 ndi ya 100mm, monga za Lee, NiSi, Haida kapena Cokin Z-Pro, pamodzi ndi ring'i ya 67 yolembedwa wide angle, imene imabweza chimango kumbuyo kufupi ndi lenzi. Magalasi a 100mm ambiri ndi okhuthala 2mm ndipo amalowa m'zimango za makampani osiyanasiyana, koma ring'i ndi chimango zikhale za kampani imodzi, pokolekera pake sipafanana. A 4mm ndi a makamera a kanema, salowa. Za 150mm ndi za malenzi otukuka galasi kutsogolo opanda mazinga, inu sizikukukhudzani.

Chimene holda imachita chimene fyuluta yopotokola siingathe ndi chimodzi: GND, galasi lakuda kumtunda loyera kumunsi, la 100 ndi 150mm. Mumalitsitsa kapena kulikweza mpaka malire a mdimawo agwere pomwe thambo lakumana ndi dziko. GND yopotokola malire ake ali pakati basi, imakukakamizani kudula chithunzi pakati, musaigule. Pali soft, yosintha pang'onopang'ono, ndi hard, yodula mwadzidzidzi. Ku Songo mapiri amatsekereza mtsinje mbali zonse, hard imadetsa nsonga za mapiri n'kusiya m'munsi mowala, aliyense amaona kuti pachitika kanthu. Kumeneko ndi soft ya masitopu 3. Hard ndi ya kumtunda komwe nyanja yatambalala ndipo malire a madzi ndi thambo ndi mzere wowongoka. Pa 18-55 IS II holda ndi mavuto, fokasi ikasuntha chimango chonse chimapendama. Ndipo magalasi otchipa a mtundu umenewu ndi apulasitiki: amakalika ndi kamchenga kamodzi, amapindika akasiyidwa m'galimoto pa kutentha kwa Tete kopitirira madigiri 40 mu Okutobala, ndipo ena amasandutsa mitambo kukhala yofiirira.

Kunena mosabisa, ndi ndalama za mafyuluta atatu holda idikire. Chimango chabwino, ring'i ndi galasi limodzi zingadye thumba lonse. Thambo lopsa mungalipulumutse pojambula RAW (fayilo yosakonzedwa ndi kamera), kamera ili pa tripod, zithunzi zitatu ndi AEB, yojambula china chakuda, china chapakati, china chowala, pa -2, 0 ndi +2, n'kuziphatikiza pa kompyuta. Madzi osalala aja safuna holda, amafuna ND1000 yopotokola ya 67mm ndi tripod yolimba.

Kachitidwe kake nkotere. Imikani tripod pa mwala kapena pouma, osati pa mlatho wa Samora Machel, chifukwa ndi wolenjekeka pa zingwe ndipo umanjenjemera galimoto ikamadutsa. Musanaike fyuluta konzani chithunzi, pezani fokasi, kenaka kankhirani kabatani ka pa lenzi ku MF, fokasi ya pamanja, ndi kuzimitsa IS, yoletsa kugwedezeka. Ikani kamera pa M, ISO 100, f/8 kapena f/11, muone shata imene ikupereka kuwala koyenera. Tsopano mangani ND1000 mosamala osagunda fokasi. Kamera siionanso bwino, ndiye werengani nokha: 1/500 imasanduka masekondi 2, 1/250 masekondi 4, 1/125 masekondi 8, 1/60 masekondi 15, 1/30 masekondi 30. Kupitirira apo ndi Bulb, pomwe shata imakhala yotsegula mpaka mutaitseka nokha, ndi rimoti. Pa lamba wa kamera yanu pali kalabala kakuda, ambiri sadziwa ntchito yake: chotsani labala ya poyang'anira, tsekani ndi kameneko. Mukapanda kutero kuwala kumalowera kumbuyo ndipo pakati pa chithunzi pamatuluka chibanga chofiirira. Jambulani ndi taima ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera.

Zambezi pa Tete amayenda, masekondi 4 mpaka 8 akwana kuti asalale koma mizere ya mayendedwe ake izioneka. Pa nyanja pamafunika 15 mpaka 30 kuti timafunde tife. Bwato, bango ndi nthambi zogwedezeka ndi mphepo zimafufutika, choncho m'chithunzi mukhale chinthu chosasuntha, mwala kapena chitsa. Mtundu ukapendekera ku buluu kapena kofiirira, RAW imakonzeka. Mukafuna CPL ndi ND1000 pamodzi, zungulizani CPL yokha kaye, onani pomwe zilembo za pamkombero zaima, mangani ND pa lenzi, CPL kutsogolo, n'kubwezera zilembozo pomwe zinali. Ziwiri zosanjikiza zimadetsa makona pa 10mm, kokerani cha pa 12 kapena 13. Ndipo m'mphepete mwa Zambezi madzulo musaime pamadzi penipeni maso ali pa kamera, ng'ona zilimo. Funsani asodzi a pamalopo poyenera kuima.

Mukadzagula holda mtsogolo, galasi la masitopu 10 limakhala ndi kasiponji kuzungulira kumbuyo kwake. Limalowa m'kampata koyandikana ndi lenzi, siponji kuyang'ana ku kamera, apo ayi kuwala kumadutsa m'mbali.

aPhiri_Songo

Pa zimene anena aMbewe ndingowonjezera za kumanga ndi kusamala, chifukwa kutentha kwa kuno kumagwiritsa maring'i. Pomanga, yambani mwazunguliza chobwerera mpaka mumve kuti "tha", mazinga akumana, kenaka mangani ndi zala ziwiri. Ikangolimba poyambirira yalowa mopingasa, bwezani. Ikafika kumapeto isiyeni, si nati ya tayala. Ring'i ya aluminiyamu pa fyuluta ya aluminiyamu ndizo zimakonda kugwirana, makamaka fumbi likalowa m'mazinga. Za brass zimadula pang'ono koma sizigwira kawirikawiri, ndipo ngati ndalama zilola, 58-67 imodzi yokha ikhale ya brass. Ikagwira musaifinye ndi zala mbali ziwiri, mkombero umapindika n'kulimbiratu. Kulungani labala ya ndalama kapena kachidutswa ka chubu cha njinga kuzungulira mkombero wonse, kapena gonekani fyuluta chafufumimba pa labala yoyera n'kuzunguliza ring'i. Pa CPL gwirani mbali yakumbuyo ya manomano, yakutsogolo imangozungulira. Pulayazi ayi.

Popukuta, yambani ndi kampira kopemerera mphepo, kenaka kaburashi kofewa, nsalu ya microfibre pomaliza. Fumbi lathu lili ndi mchenga wolimba kuposa galasi, ndiye kupukuta ndi m'mphepete mwa chitenje fumbi likadalipo ndiko kukala. Ku Angónia dzinja ndi lachinyezi, sungani magalasi ndi malenzi m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel kuti nkhungu isamere.

Katundu akafika muyeseni tsiku lomwelo, chifukwa mayina odziwika ngati Hoya ndi B+W ali ndi zabodza zake pamsika. CPL igwireni mbali yomangidwa pa lenzi ikuyang'ana kwa inu, muyang'ane sikirini ya laputopu n'kuzunguliza: iyenera kuda mpaka pafupifupi bii. Kenaka ikani 55-250 pa tripod, pa 250mm, jambulani chikwangwani chakutali kawiri, ndi fyuluta komanso popanda, n'kukulitsa zithunzizo pa kompyuta. Galasi losawongoka limabisala pa 18mm koma pa 250mm zilembo zimafewa. Variable ND iyeseni pa khoma loyera ndi 10-18 pa 10mm, kuyambira poyera mpaka pakuda, ndipo pomwe makona ayamba kusiyana kuwala ikanipo kadontho ka penti ya zikhadabo pa mkombero. Mlongo wanu asunge lisiti mpaka mayesowa atatha.